Kusunga bakapu netiweki ikamakwawa: zimene ndatopa kuzibwereza pakamwa

Nyengo yopereka ma dissertation ikafika, pa tebulo langa pamadzaza malaputopu. Ina yagwa pa kabaza, ina yamwa tiyi, ina yangozima yokha usiku mwini wake ali mtulo ku Chikanda. Funso langa loyamba silisintha: "Bakapu muli nayo?" Yankho nalonso silisintha: "Ankolo, ndinayesa kuika pa Google Drive koma inkangozungulira, bandulo inatha isanafike ndi theka lomwe." Ndafotokozera ophunzira a ku Chanco, aphunzitsi a ku Domasi, ngakhale amayi ena osunga kaundula wa banki m'khonde ku Chinamwali, mpaka pakamwa pauma. Ndiye ndalemba, kuti wotsatira ndizingomutumizira.

Tigwirizane mawu kaye. Bakapu ndi kope lachiwiri la fayilo yanu lomwe lili pa chipangizo china, kumalo ena. Fayilo yomwe mwaichotsa pa laputopu n'kuiika pa fulashi si bakapu, mwangoisamutsa, idakali imodzi. Ndikamati kukweza ndikunena chimene pa sikirini amalemba kuti upload, kutsitsa ndi download. Ndondomeko yonseyi yatsamira pa mfundo imodzi: pa netiweki yathu ino musakankhire katundu yense. Wolemera ayende pansi, pa intaneti padutse zochepa zomwe zikatayika simungazipezenso.

1. Werengani masamu musanagule bandulo

Lumikizani laputopu ku foni kapena ku rauta, pamalo amene mumagwirira ntchito, mutsegule fast.com kapena speedtest.net. Nambala yaikulu yomwe imayamba kuoneka ndi ya kutsitsa, imeneyo isakusangalatseni. Yanu ndi ya upload, ndipo pa netiweki ya foni imakhala yotsika kwambiri. Kuyezaku nakonso kumadya data, kamodzi kapena kawiri basi.

Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Liwiro amaliyeza mu ma megabit, Mbps, pomwe mafayilo amawayeza mu ma megabyte, MB, ndipo byte imodzi ndi ma bit 8. Choncho 1 Mbps ndi pafupifupi 125 KB pa sekondi. Pa liwiro limeneli 1 GB imatenga maola awiri ndi mphindi 13, netiweki isanaduke ndi kamodzi komwe. Ikakhala 0.5 Mbps ndi maola anayi ndi theka. Foda ya 40 GB yomwe munkafuna kuikankha usiku umodzi ikufuna maola 89 pa 1 Mbps, masiku pafupifupi anayi usana ndi usiku, komanso bandulo yoposa 40 GB. Ndipo ngakhale ikanadutsa, ikanakafikira kuti? Google imapereka 15 GB yaulere, yomwe Gmail, Drive ndi Photos zimagawana. OneDrive imapereka 5 GB, Dropbox 2 GB.

Koma fayilo ya Word ya 5 MB pa 0.5 Mbps yomweyo imadutsa mu mphindi imodzi ndi masekondi 20.

2. Petani mafayilo anu

Mpunga wa ku Chilwa saupititsa kumsika ndi mankhusu omwe. Pangani mafoda atatu.

Yoyamba itchuleni Zofunika. Muikemo zomwe munalemba kapena kusonkhanitsa nokha: ma chapter, data ya kafukufuku ya mu Excel kapena SPSS, kaundula wa ndalama, makalata, zithunzi za masatifiketi, chiphaso cha unzika ndi mapepala a malo. Kwa anthu ambiri amene ndawathandiza, foda imeneyi siifika 1 GB.

Yachiwiri, Zolemera: zithunzi za ukwati ndi chinkhoswe, mavidiyo a pa graduation, mawu amene munajambula pofunsa anthu kumudzi. Zimenezi simungazipezenso, koma n'zazikulu ndipo sizisintha.

Yachitatu ndi mankhusu: mafilimu, nyimbo, mapulogalamu oikira mu kompyuta, ma PDF amene kalasi yonse ili nawo. Izi zisayandikire bandulo yanu. Ndinaonapo munthu akudandaula kuti Drive yadzaza pomwe 11 GB inali ya ma series, chapter 4 ili panja.

Pa mayina a mafayilo, siyani zoti final, final2, finalyeniyeni. Yambani ndi deti, chaka patsogolo: 2025-03-14-chapter4. Kompyuta imazindandalika yokha mwa dongosolo, ndipo tsiku la mavuto simulimbana n'kuganiza kuti yatsopano ndi iti.

3. Kope loyamba liyende pansi

Pezani hadi disiki yakunja, kapena fulashi yabwino ngati mafayilo ndi ochepa. Waya wa USB umasamutsa mu mphindi zochepa zomwe netiweki ingalimbane nazo sabata. Mutha kungokopera ndi mbewa, koma pa Windows pali kale pulogalamu yotchedwa robocopy yomwe ndimaikonda chifukwa ulendo wachiwiri imadumpha zomwe inakopera kale. Tsegulani Command Prompt, mulembe:

robocopy C:\Bakapu E:\Bakapu /E /Z /R:3 /W:10

C:\Bakapu ndi komwe kuli mafoda anu, E ndi chilembo cha disiki yanu, onani bwino chifukwa chimasintha. /E ikutanthauza mafoda onse a m'kati. /Z ikuti ikadukiza ipitirize pomwe inalekera. /R:3 ndi /W:10 musaziiwale: popanda izo, robocopy ikakumana ndi fayilo yovuta imayesa kokwana miliyoni imodzi, n'kumadikira masekondi 30 pakati, inu n'kumaganiza kuti kompyuta yauma. Mukaona malangizo ena akukuuzani kuwonjezera /MIR, dziwani kuti imafafaniza pa disiki chilichonse chomwe pa laputopu palibe. Isiyeni.

Zolakwika zitatu zomwe ndimaziona kawirikawiri. Choyamba, fulashi yotchipa yolembedwa 128 GB yomwe m'kati mwake ndi yaing'ono kwambiri. Imalandira mafayilo mwaulemu, mayina akuoneka, koma potsegula mulibe kanthu. Iyeseni ndi kapulogalamu kaulere ka H2testw musanaidalire. Chachiwiri, fulashi ya FAT32 imakana fayilo imodzi yoposa 4 GB ngakhale malo alipo; ikonzeni ikhale exFAT isanalowe kanthu, chifukwa kufomata kumapukuta zonse. Chachitatu, fulashi ya bakapu si yopita nayo kokapulinta. Kumeneko ndi komwe imatenga kachilombo kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Yopulintira ikhale ina.

Kenako disiki ija ichoke m'chikwama cha laputopu. Wakuba satsegula chikwama kuti akusiyireni fulashi, amanyamula chonse. Moto, denga lodontha ndi madzi osefukira nazonso zimatenga za m'nyumba imodzi pamodzi. Amene tinaona namondwe Freddy mu Malichi 2023 sitifunika kuuzidwa. Ngati mumagona ku Chikanda, disiki ikagone kwa azakhali ku Matawale kapena mu kabati ya kuntchito, muziitenga kamodzi pa sabata kapena pa mwezi. Ndipo isakhale yolumikizidwa ku kompyuta nthawi zonse, makamaka nyengo ya ziphaliwali. Odziwa amalitchula dongosolo limeneli 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi lili kutali. Laputopu, disiki, intaneti.

4. Tsekani mabowo a bandulo

Laputopu ikangoona hotspot ya foni yanu imayesa yapeza Wi-Fi yaulere, Windows Update n'kuyamba kumwa. Pitani ku Settings, Network & internet, Wi-Fi, musankhe dzina la hotspot yanu, muyatse Metered connection, yomwe imauza kompyuta kuti data ya pamenepo ndi yogula, isamaimwe mwachisawawa. Dziwani kuti OneDrive ikaona zimenezi nayo imaima, imafuna muiuze nokha kuti ipitirize.

Ku Power settings, uzani laputopu isagone ikakhala pa magetsi, komanso isagone mukatseka chivundikiro. Anthu ambiri amasiya ikukweza, n'kutseka, m'mawa n'kupeza inaima mphindi yomweyo. Batire ya laputopu ndi ya foni zikhale zodzaza musanayambe, kuti magetsi akathima ntchito isathime nawo. Foni iikeni pa windo lomwe limagwira bwino. Kuno kunsi kwa phiri la Zomba, chipinda ndi chipinda netiweki imasiyana. Nthawi yabwino ndi pakati pa usiku mpaka mbandakucha, anthu atagona. Ngati muli ndi layini ya Airtel ndi ya TNM, yezani zonse ziwiri pamalo omwewo, muonenso ngati pali bandulo ya usiku yotsikirako mtengo.

5. Kukweza koyamba, komwe kumaduka

Malangizo ambiri amati "kokerani foda mu Google Drive, mwatha". Olembawo netiweki yawo siiduka. Kuno funso lenileni ndi lakuti, ikaduka pa 80 peresenti, mutaya zingati?

Mukakokera foda yaikulu mu browser, netiweki n'kuchoka nthawi yaitali, kapena laputopu n'kuzima, kapena mwatseka tsambalo mwangozi, mumatsala ndi foda yomwe ikuoneka pa Drive koma m'kati muli theka, osadziwa zomwe zafika ndi zomwe zatsala. Mukakokeranso, mumalipira kawiri zomwe zinafika kale. Ndiye cholinga chathu ndi chakuti kuduka kulikonse kuzikutayitsani mphindi zochepa zokha. Njira zake zimasiyana malinga ndi foda.

Yambani ndi Zofunika, ndipo m'menemo yambani ndi fayilo yomwe ikatayika mawa mungalire kwambiri. Imeneyo ikwezeni pamanja lero lomwe, musanawerenge zotsatirazi. Gmail imalola mpaka 25 MB pa kalata imodzi, ndiye kudzitumizira imelo nokha kukukwanira. Zina zonse zibwere pambuyo.

Foda ya Zofunika musaimange mu zip. Ndikudziwa anzanu anakuuzani kuti zip imachepetsa. Koma mukamanga mafayilo 300 mu mtolo umodzi, mawa n'kusintha ndime imodzi mu chapter 2, mtolo wonse wasintha ndipo muukweza wonse. Zikakhala zomasuka, imakwera fayilo imodzi yokhayo. Kuwonjezera apo, mafayilo a Word ndi Excel (docx ndi xlsx) ndi opanikizidwa kale m'kati mwake, zip siichotsapo zambiri.

Njira yosavuta ndi kuika pulogalamu ya Google Drive ya pa kompyuta, n'kuisonyeza foda ya Zofunika yokha, osati Documents yonse, osati Desktop. Imakumbukira pomwe inalekera, netiweki ikabwera imapitiriza. Mu Preferences muli pochepetsera liwiro la kukweza. Pachepetseni, chifukwa kukweza kukatenga msewu wonse, ngakhale uthenga wa WhatsApp umakanika kutuluka, inu n'kupsa mtima n'kuzimitsa zonse.

Amene simuopa sikirini yakuda ya Command Prompt ija, pulogalamu ya rclone ndi yomwe ine ndimagwiritsa ntchito. Ndi yaulere, imagwira pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo imangoyenda pokhapokha mwaiuza, siimwa bandulo mobisa. Mukaitsitsa, lembani rclone config, mutsatire mafunso, mupatse akaunti yanu dzina monga gdrive. Kenako:

rclone copy C:\Bakapu\Zofunika gdrive:Zofunika --transfers 1 --bwlimit 40k -P

--transfers 1 ikuti fayilo imodzi imodzi. Payokha rclone imakweza zinayi nthawi imodzi, ndipo pa netiweki yofooka zinayizo zimalimbirana kanjira kamodzi, ikaduka mwataya zonse zili theka theka. --bwlimit 40k ikuti isapitirire 40 KB pa sekondi. Ikani pafupifupi magawo awiri mwa atatu a liwiro la upload lomwe munayeza, mutalisintha kukhala ma KB pa sekondi. -P imakuonetsani mmene ikuyendera. Ikaduka, lembaninso mzere womwewo. Iyang'ana zomwe zafika kale, izidumpha, iyambira pa fayilo yomwe inadukira. Fayilo imeneyo yokha ndiye imayambiranso pachiyambi.

Mwaona vuto lake? Ngati fayilo yodukayo ndi vidiyo ya 2 GB, muziyambiranso mpaka kalekale. Apa ndi pomwe foda ya Zolemera imafuna nzeru ina: kuiduladula.

Ikani 7-Zip, ndi yaulere. Dinani kumanja pa foda, musankhe 7-Zip, kenako Add to archive; pa Windows 11 muyambe mwadina Show more options. Pa Compression level sankhani Store, chifukwa zithunzi za JPEG, mavidiyo a MP4 ndi mawu a MP3 sizipanikizika, mungotenthetsa laputopu pachabe. Pa bokosi lolembedwa Split to volumes lembani 50M. Ituluka mafayilo otha ndi .001, .002, .003, lililonse la 50 MB. Pa 0.5 Mbps chidutswa chimodzi ndi mphindi 13. Netiweki ikaduka mwataya mphindi 13 basi. Ngati kwanu imaduka pafupipafupi, lembani 20M. Pang'ono pang'ono ndi mtolo: zidutswa khumi usiku uliwonse, pakutha pa masabata awiri mwakweza 7 GB.

Koma chenjerani apa. Zidutswazo ndi thupi limodzi. Chikasowa chimodzi, musayembekezere kuti mtolo utseguka bwino. N'chifukwa chake musamange Zolemera yonse pamodzi. Mangani ukwati pawokha, zithunzi za 2022 pazokha, mawu a kafukufuku pawokha, mtolo uliwonse usapitirire 1 GB, ndipo mutsirize umodzi musanayambe wina. Lembani mu kope la pepala: dzina la mtolo, zidutswa zingati, zafika zingati. Musasinthe mayina a zidutswa, ndipo zonse za mtolo umodzi zikhale mu foda imodzi.

Ngati mu mtolo muli mawu a anthu amene munawalonjeza chinsinsi pofunsa mafunso, kapena za odwala, kapena ndalama za gulu, ikani pasiwedi pa bokosi la Encryption pomwepo, muchongenso Encrypt file names. 7-Zip imatseka ndi AES-256, kutanthauza kuti mukaiwala pasiwedi, ine sindingatsegule, Google singatsegule, palibe angatsegule. Ilembeni papepala, pepalalo likhale komwe mumasunga masatifiketi.

Ngati muli ndi mwayi wa Wi-Fi ya kusukulu kapena kuntchito ndipo malamulo akumeneko amalola, kukweza koyambaku kachitireni kumeneko, m'mamawa anthu asanadzaze. Kunyumba muzingotumiza zosintha.

Za WhatsApp ndinenepo pang'ono, poti ambiri mumadzitumizira kumeneko. Chithunzi mukachitumiza ngati chithunzi amachifinya, satifiketi imatuluka yosawerengeka bwino. Tumizani ngati Document kuti ifike mmene ilili. Komabe foni ndi laputopu nthawi zambiri zimabedwa limodzi, ndiye ine sindiiwerengera pa makope atatu aja.

A m'maofesi amene mukutumiza ku seva ya Linux ku Blantyre kapena ku Lilongwe, yanu ndi rsync, yomwe Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anaitulutsa mu 1996 poganizira mizere yoyenda pang'onopang'ono ngati yathuyi. Imatumiza tizigawo tokha tomwe tasintha m'kati mwa fayilo. Onjezerani --partial kuti isataye theka lomwe lafika, ndi --bwlimit kuti anzanu mu ofesi asakutukwaneni.

6. Sync isakupusitseni

Mapulogalamu a Drive, OneDrive ndi Dropbox amagwira ngati galasi: chomwe chachitika pa laputopu chimachitikanso uko. Mwafafaniza foda mwangozi, kapena mwana wasewera ndi kompyuta, kapena kachilombo kawononga mafayilo, galasi limatsatira mokhulupirika. Google Drive imasunga zotayidwa mu Trash masiku 30 okha. Ndi chifukwa chake mu mzere uja ndinalemba rclone copy osati rclone sync. Copy imangowonjezera, sync imafafaniza kuti mbali ziwiri zifanane. Ndi chifukwa chakenso disiki ya kwa azakhali ija ikufunikabe ngakhale zonse zitakwera.

7. Yesani ngati laputopu yafa kale

Achemwali ena anabwera ali phee, akuti musadandaule ankolo, zonse zili pa Drive. Titatsegula tinapezadi foda, dzina lake lolondola, m'kati muli chapter 1 ndi 2 za miyezi isanu yapitayo. Pulogalamu inaima kalekale malo atadzaza, kachizindikiro kofiira kali pakona, iwo osakaona.

Choyamba werengani. Dinani kumanja pa foda ya pa laputopu, Properties, muone kuchuluka kwa mafayilo, mufananize ndi zomwe zili uko. A rclone muli ndi njira yachidule:

rclone check C:\Bakapu\Zofunika gdrive:Zofunika

Imafananiza kukula ndi chidindo cha fayilo iliyonse popanda kuitsitsa, ndiye siidya bandulo yambiri. Ikanena kuti 0 differences found, zafika zonse zili bwino.

Kenako, kamodzi pa mwezi, bwerekani kompyuta ya mnzanu, mulowe mu akaunti yanu pa windo la Incognito, lomwe mukalitseka silikumbukira akaunti yanu, mutsitse fayilo yatsopano kwambiri, muitsegule, muwerenge ndime yomaliza. Pa mitolo ya 7-Zip, tsitsani kamtolo kamodzi kakang'ono ndi zidutswa zake zonse, mutsegule cha .001, mulembe pasiwedi kuchokera papepala lija. Mukatha tulukani mu akaunti, mufafanize zomwe munatsitsa.

Poyesa pomwepa ndi pomwe ambiri amazindikira kuti khomo lenilenilo ndi lotseka. Google ikaona kompyuta yachilendo imatumiza nambala ku foni, ndipo foniyo ndi ija yapita ndi chikwama, kapena layini yake munaisiya zaka ziwiri zapitazo. Lowani mu Google Account, ku Security, muone ngati nambala ya foni ndi imelo yopulumutsira zili zomwe mukugwiritsa ntchito lero. Ngati munayatsa 2-Step Verification, tengani ma backup codes, manambala olowera foni ikasowa, amakhala khumi, muwalembe papepala lomwe lija. Bakapu isakhale pa imelo ya sukulu kapena ya kuntchito yokha, chifukwa mukamaliza maphunziro kapena kusiya ntchito akhoza kuitseka. Ndipo ngati munatsegula akaunti yapadera yongosungira zinthu, muziilowa nthawi ndi nthawi: kuyambira Disembala 2023 Google ili ndi ufulu wofafaniza akaunti yomwe yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito, ndi zonse za m'kati mwake.